Beseni la Kamlendo

Mwamuna wa Chitsiriza ankayala bedi mkazi wake ali momwemo.

Ankadzuka kunja kusanayere, n'kuima pambali pa bedi atavala kakabudula kake kotuwa kaja, n'kuyamba kukoka nsalu. Akakoka ya kumiyendo ankaipindira kunsi kwa matiresi, n'kuzungulira mbali inayo, kukokanso, kupindanso, mpaka Chitsiriza ankatsala ali gwa ngati mtembo wongodikira bokosi. Akatero ankasisita pilo wake mwachikondi, kuposa mmene ankasisitira munthu, n'kunena kuti, "Duwa langa, bedi loyala ndiye chipambano choyamba cha tsiku."

Chitsiriza ankangotsonya kunsi kwa bulangeti.

Dzina la Chitsiriza anam'patsa kwawo chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa. Mwamunayo anthu a pamdadada wa nyumba zawo ankamutchula kuti a Manoyera chifukwa cha kumwetulira kwake kosatha, ndipo iye ankalivala dzinalo ngati mendulo.

Mawu a chipambanowo sanali ake. Anali a bambo wina wa mufoni, amene palibe anamuonapo nkhope, wa mawu oterera ngati sopo wogwera m'madzi. Bamboyo ankadzitcha mlangizi wa chimwemwe, ndipo m'mawa uliwonse ankalankhula m'chipinda mwawo ngati ndiye mwini nyumba. Ankati chimwemwe sichigwa ngati mvula, chimalimidwa, ndipo khasu lake ndi tizizolowezi ta m'mawa. Ukadzuka bwino, ati, tsiku lonse limakugwadira. Manoyera anameza zonsezo, ndi minga yomwe.

Bedi likatha, madzi. Ankatereka kapoto pamoto, madzi akafunda n'kukaphula, kenako n'kuwerama ngati munthu wothyoka msana, kuviika chigongono m'madzimo. Chigongono! Ankakhala chiweramire kanthawi, maso ali pansi, kenako n'kutsanulira madziwo m'kapu n'kumwa. Opanda masamba, opanda shuga, madzi chabe onunkha mkono. Chitsiriza akaona zimenezi ankafunda bulangeti mpaka kumutu. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kumwa msuzi wa chigongono chake chifukwa wauzidwa ndi foni!

Kuchoka apo ankaima pa kalilole wa kuseri kwa chitseko, n'kutulutsa mano onse, a kutsogolo ndi a m'kati omwe, n'kudzipatsa moni. "Mwadzuka bwanji, bwana? Lero ndi lanu." Kalilole naye, pokhala wopanda manyazi, ankamubwezera.

Pamapeto pake ankatsegula zenera, kutambasula manja, n'kutsinzina. Mlangizi ankati munthu azithokoza mokweza, maso ali chitsinzinire, kuti za kunja zisasokoneze za m'kati. Ndiye Manoyera ankathokoza. Ankathokoza mpweya. Ankathokoza miyendo. Ankathokoza ntchito yake ya mushopu yogulitsa penti, denga losadontha kwambiri, ngakhale chifuwa cha mayi wa khomo loyandikana nawo, ati chimam'kumbutsa kuti iye ali bwino. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu akuti, "Ndikuthokoza mkazi wanga wa tsitsi lalitali amene ali pambali panga." Chitsiriza akhale ali ku mpopi, akhale ali kuchimbudzi, kwa mwamunayo anali pambali pake basi.

Akatsegula maso ankatuluka pakhonde kukathirira maluwa. Maluwawo anali kunsi kwa zenera lomwelo, m'beseni la pulasitiki lachikasu. Pa zonse zimene mwamunayo ankachita, apa pokha Chitsiriza sankatsonya. Ankangotembenukira kukhoma.

Si mwamuna ameneyu amene anakwatiwa naye. Amene anamudziwa atangomaliza sukulu anali mnyamata wa manja a mawangamawanga ndi penti, wochedwa paliponse, wa pakamwa pa moto. Tsiku lina anayenda pansi kudutsa tauni yonse mvula ikukhuthuka, kuti angomubwezera ndolo imodzi imene inagwera mushopu. Anafika madzi akuchucha m'nsidze, n'kuyamba kumukalipira kuti amavaliranji ndolo zosamanga. Chitsiriza anaima pakhomo akumvetsera kukalipako, n'kudziwa kuti wake ndi ameneyu. Iye ankakhulupirira kuti chikondi chizigwa ngati mphezi, chizisiya fungo la chinthu chopsa. Atakwatirana, mwamunayo m'mawa ankadzuka ngati mkango wobayidwa ndi munga, kutukwana dzuwa, kutukwana abwana ake, kenako n'kumukokeranso Chitsiriza m'bulangeti, onse n'kuchedwa ku ntchito. Bedi linkayalidwa Lamlungu, nalonso akakumbukira.

Chitsiriza atakhala ndi pakati, mwamunayo ndiye anapengeratu. Mwanayo anam'patsa dzina asanabadwe, Kamlendo. Ankaika khutu pamimba n'kumakangana naye. "Kamlendo, ukumenya ndani? Tuluka tionane ngati ndiwe dolo." Loweruka lina anafika kuchokera kumsika atavala beseni lachikasu kumutu ngati chipewa, msewu wonse ukumuseka. Mkulu wake wa Chitsiriza, amene ndi telala, anali atabwera kudzacheza. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Alamu, phuma lanuli! Mwana sanabwere, inu mwatereka kale madzi." Iye anangoseka, kuseka kwenikweni, kotulutsa misozi.

Kamlendo sanafike. Chitsiriza anapita padera mimba itakula kale, madiresi onse atayamba kum'thina. Atabwerako kuchipatala, mwamuna wake anakhala pakhonde masiku angapo osalankhula, akungoyang'ana beseni lija. Chitsiriza ankadikira. Ankadziwa mmene zidzakhalire. Tsiku lina mwamunayo adzalowa, adzagwada, adzaika mutu pamiyendo pake, ndipo adzalira awiri mpaka misozi idzatulukire kunsi kwa chitseko. Anali atakonzeratu ngakhale mawu odzanena pomusisita m'mutu.

M'malo mwake, mnzake wina wa kushopu anamuikira mlangizi uja mufoni.

Pasanapite nthawi, Chitsiriza akuchokera ku saluni kumene ankaluka anthu tsitsi, anapeza beseni lili lodzaza ndi dothi, timaluwa tofiira titabzalidwa bwinobwino. Atalipendeketsa anaona kuti kunsi kwabooledwa ndi msomali wamoto, mabowo ambirimbiri, kuti madzi azidutsa. Mwamuna wake anatulukira mano ali mbee.

"Mlangizi akuti chinthu chokuliza uchisandutse chokongoletsa pakhomo," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Kamlendo silinamvekenso pakamwa pake.

Chitsiriza anayesapo. M'mawa wina anamupeza ali pa kalilole.

"Inu, ndimafuna tikambeko za mwana uja."

"Aa-aa, Duwa langa," anatero Manoyera osatembenuka, akuyang'ana nkhama zake. "Mawu olemera m'mawa ali ngati kamwala mu nsapato. Umayenda nako tsiku lonse."

"Chabwino. Madzulo."

"Madzulo mutu umafunika ugone wopepuka kuti udzuke wopepuka."

"Nanga masana? Masana mumakhala muli ku penti wanuyo."

"Waona?" Anatembenuka mokondwa ngati wapambana mpikisano. "Tsiku lonse latha popanda chisoni. Bwera uime apa, timwetulire awiri. Poyamba zimakhala zokakamiza, kenako mtima umatsatira mano."

"Mtima wanga si galu woti uzitsatira mano anu."

"Imwako madzi, Duwa langa."

Tsiku lina Chitsiriza anadutsira kushopu kuja potumidwa kukagula mankhwala a tsitsi pafupi pomwepo. Anaima pakhomo. M'katimo munali bambo wina wamimba, akumenya kauntala ndi chitini, ati am'patsa penti wobiriwira m'malo mwa wa buluu. Anam'tukwana Manoyera kuyambira kumutu mpaka kwa makolo ake. Chitsiriza anaganiza kuti lero ndiye mkango udzuka. Koma Manoyera anangopinda manja pachifuwa, mano ali panja, n'kunena kuti, "Zikomo bwana, mwandiphunzitsa kudekha." Chitsiriza anachokapo asanamuone. Ananyansidwa mpaka anaiwala chimene anatumidwa.

Chom'psetsa mtima kwambiri n'chakuti pamdadada ponse ankamusirira. Ku mpopi azimayi sankam'patsa mpata.

"Inu achemwali, amuna anuwa munawadyetsa chiyani?" ankafunsa mayi wachifuwa uja. "Tigawireniko. Anga akadzuka amangoti nsapato zanga zili kuti, ngati ndinazidya ine."

"Atengeni," Chitsiriza ankayankha. "Ndikupatsani ndi kapoto kawo komwe."

Ankaseka mpaka kugwirana mapewa, poyesa kuti ndi nthabwala.

Lachinayi lina ku saluni kunalibe makasitomala. Chitsiriza anakhala pampando wa alendo n'kudziyang'ana nthawi yaitali. Tsitsi limenelo analisunga kuyambira ali pasukulu, ndipo kale mwamuna wake ankalimasula dala m'mawa kuti amuchedwetse.

"Ndimete," anauza mnzake wogwira naye ntchito.

"Lonseli? Wapenga iwe?"

"Meta, usandifunse."

Anabwerera kunyumba atameta mpala, osavala mpango, mutu ukumva kamphepo kamene sunakamvepo. Manoyera ataweruka anamuyang'ana, maso ake n'kuima pang'ono. Kenako anati, "Ukuwala lero, Duwa langa," mawu omwewo a dzulo ndi dzana. M'mawa mwake anatsinzina pazenera n'kuthokoza mkazi wake wa tsitsi lalitali.

Masana ake Chitsiriza anapita kwa mkulu wake. Anam'peza ali pamakina, mapini ali kukamwa, akupinda mpendero wa diresi la munthu wina.

"Mayo ine, mutu uwu!" anatero telala kudzera m'mapinimo. "Zinali nsabwe?"

"Asisi, mawa ndikubwera ndi chikwama."

Makina anaima.

"Wakumenya?"

"Ayi."

"Wapeza wina?"

"Akanapeza ndikanapita kukam'pepesa mtsikanayo."

"Wayamba kumwa?"

"Madzi ofunda."

Telala analavulira mapini m'dzanja. "Iwe Chitsiriza, ukufuna ndizikawauza chiyani anthu? Ndiziti mng'ono wanga wathawa banja chifukwa mwamuna amamwetulira? Wanga uja ndinakhala naye mpaka tsiku limene anathawa, mano ake ndinkawaona akamayasamula pokha."

"Ine ndikugona ndi wailesi, asisi. Mukaitsegula ikuimba, mukaitseka ikuimba. Onani mutu wangawu. Lero m'mawa amathokoza tsitsi langa lalitali."

Telala anafuna kuseka koma anadziletsa ataona nkhope ya mng'ono wake.

"Sanam'tchulepo," anapitiriza Chitsiriza. "Chichokereni kuchipatala kuja, ngakhale kamodzi. Mwana wake anam'kwirira ndi maluwa n'kumathirira m'mawa uliwonse akuimba mluzu. Ine ndimalira ndekha ngati mimba ija ndinadzipatsa ndekha."

"Amuna amalira mwawomwawo, mwana iwe."

"Ameneyu salira. Amatsuka mano."

"Uli ndi phuma kuyambira uli wakhanda. Si iwe unkatsegula maluwa a kusukulu ndi zala kuti aphuke msanga? Banja si nyimbo zachikondi. Um'patse nthawi."

"Nthawi ndam'patsa, iye waipereka kwa foni. Mawa akakatsinzina pazenera paja, ndidzadutsa kumbuyo kwake ndi chikwama. Ndikadzafika pamsewu asanatsegule maso, basi, musadzandibwezenso."

"Nanga akatsegula?"

"Satsegula. Mlangizi salola."

Telala anabwezera mapini kukamwa. "Malo alipo. Koma kwathu kuno timadzuka ndi tsinya, usadzadandaule."

Chitsiriza analongedza tsiku lomwelo mwamuna asanaweruke, n'kukankhira chikwama kunsi kwa bedi.

M'mawa Manoyera anadzuka monga mwa masiku onse. Pokoka nsalu, phazi lake linagunda chikwama chija. Chitsiriza anamva phokosolo ali m'bulangeti. Mwamunayo anaima pang'ono. Kenako anapinda nsalu, nasisita pilo.

"Duwa langa, bedi loyala ndiye chipambano choyamba cha tsiku."

Mawuwo anamveka ngati akutulukira m'botolo, koma anawamaliza onse. Wamantha iwe, anatero Chitsiriza mumtima.

Anamuona akuviika chigongono. Anamuona akudzipatsa moni pa kalilole. Zenera linatsegulidwa, ndipo mlangizi mufoni anati, "Tsopano tsinzinani, okondedwa, mulole kuwala kulowe m'kati."

Chitsiriza anadzisolola m'bedi ngati mpeni m'chimake. Anavala diresi. Anavala nsapato za zidendene zolimba, dala, zija zimati go go go pasimenti. Chikwama anachikoka mochikhwekhwereza. Anadutsa kumbuyo kwa mwamuna wake pafupi kwambiri moti mpendero wa diresi unam'khudza mwendo.

"Ndikuthokoza mpweya," anatero Manoyera.

Chitseko chinalira.

"Ndikuthokoza miyendo."

Kunja kunali kutacha bwino, kopanda kamtambo ndi kamodzi komwe. Chitsiriza zinamunyansanso. M'maganizo mwake tsiku lochoka linali la mvula, la munthu wothamanga pambuyo akukuwa dzina lake. Koma apa kunali kadzuwa kokoma, azimayi ku mpopi atasiya kucheza n'kumayang'ana chikwama, ndi mawu a mwamuna wake akuthokoza shopu ya penti. Msewu unali pomwepo, kuseri kwa mpanda.

Anali atatsika kale pakhonde pamene diso lake linagwera pa beseni. Timaluwa tija tinali titanenepa, tonyada, tosadziwa kanthu. Ayi. Angam'siyire bedi, angam'siyire mapoto ndi kalilole wa manoyo, koma ichi chokha ayi. Anaika chikwama pansi, nabwerera, nagwira beseni m'mphepete ndi manja onse. Linali lolemera kuposa mmene ankaganizira. Pamwamba pake penipeni mwamuna wake anali chiimire pazenera, manja atatambasula, maso atatsinzina mwamphamvu mpaka makwinya.

"Ndikuthokoza mkazi wanga wa tsitsi lalitali amene ali..."

Chitsiriza anagadabuza beseni. Dothi linagwa kuti khu, maluwa mizu m'mwamba. Analimenyetsa pasimenti kuti zotsalira zichoke.

Manoyera anatsegula maso.

Mano anali akadali panja, koma anaoneka ngati zovala zoiwalika pachingwe mvula itayamba.

"Duwa langa. Maluwa."

"Maluwa anu ndi awo, tolani. Beseni ndi langa."

"Tikambirana dzuwa likakwera."

"Dzuwa likamakwera ine ndikhala ndili kwa asisi. Tsinzinani mumalizitse, munali pa tsitsi."

Anapanira beseni m'khwapa, nanyamula chikwama, nayamba kuyenda. Kumbuyo anamva chinthu chikugwa. Manoyera sanadutsire pakhomo. Anatulukira pazenera, kakabudula kaja n'kukodwa pachitsulo n'kung'ambika, iye n'kugwera m'dothi ndi mawondo. Anadzuka, nathamanga wopanda nsapato, nagwira mbali ina ya beseni.

"Siya."

Chitsiriza anamuyang'ana. Milomo inali itatseka. Anali ataiwala kuti mwamuna wake ali ndi milomo.

"Ndisiye chiyani? Munda wanuwu?"

"Ndati siya!"

Anakokana pakati pa bwalo, uyu uku, uyu uko, chikwama chitagwera pambali. Ku mpopi ndowa inasefukira popanda woichotsa.

"Mukulifuna la chiyani? Munaliboola nokha ndi manja anu! Lingasungenso chiyani?"

"Siya beseni la Kamlendo, iwe!"

Anakuwa moti galu wa kuseri kwa mpanda anayamba kuuwa. Chitsiriza anasiya. Mwamunayo anakhala pansi kuti phi, beseni lili pachifuwa, nalikumbatira ndi mikono yonse.

Sanagwade. Sanaike mutu pamiyendo ya munthu. Analira ngati mbuzi yomangidwa pamvula, kukamwa kuli yasa, mamina ndi malovu zikukumana pandevu, kabudula ali wong'ambika. M'maloto ake onse aja Chitsiriza sanaganizepo kuti zingadzakhale zosaoneka bwino chonchi. Anafufuza mawu okoma amene anawasunga miyezi yonse ija, koma sanapeze ndi amodzi omwe.

"Mwaphwanya lamulo," anatero. "Kudakali m'mawa."

"Tsitsi ndinaliona," anatero mwamunayo akusisima. "Chikwama ndachiponda. Ndimaona zonse."

"Ndiye pakamwa munabwereketsa?"

"Ndikanatsegula pakanatuluka izi." Anadziloza nkhope.

"Zikanatuluka! Bola izi kusiyana ndi msuzi wa chigongono wa mlangizi wanuyo."

Mwamunayo anapukusa mutu. Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiya dothi patsaya.

"Za chigongono si za mlangizi. Iye anangoti madzi ofunda. Anandiuza ndi mayi amene anandigulitsa besenili. Anati usanamuike mwana m'madzi uziyamba waviika chigongono, chala chimanama." Anasisita m'mphepete mwa beseni. "Sindimafuna kuiwala kafundidwe kake."

M'mawa monse muja, Chitsiriza akutsonya kunsi kwa bulangeti, mwamuna ameneyu ankakonzera madzi mwana woti kulibe, kenako n'kuwamwa chifukwa analibe poti awathire.

"Chitsiru," anatero Chitsiriza, koma mawu anatuluka opindika. "Chitsiru cha munthu. Miyezi yonseyi, ine ndili pomwepo."

Mayi wachifuwa uja anali atasendera kale pafupi, manja ali m'chiuno, maso akuwala ndi nkhani yoti akafotokoze.

"Kwagwanji, achemwali? Inetu ndinkanena kuti kusekerera kumeneku kuli ndi chake."

"Palibe chagwa," anayankha Chitsiriza osamuyang'ana. "Akulira mwana wawo. Ndowa yanu yadzaza."

M'nyumba mlangizi anali akadalankhula yekha. "Tsopano tsegulani maso, okondedwa, muone mmene dziko lakongolera." Chitsiriza analowa, natenga foniyo, naiponya m'kapoto kopanda madzi kaja n'kuvundikira. Mawu oterera aja anasanduka ntchentche ya m'botolo. Kenako anagwira nsalu za pabedi ndi manja onse n'kuzikoka, zonse, mpaka matiresi anaonekera, pilo n'kugwera kunsi kwa zenera.

Anatulukanso. Chikwama anachikankhira m'nyumba ndi phazi. Mwamuna wake anali akadali pansi pomwepo. Anam'gwira pa chigongono n'kumudzutsa.

"Tiyeni m'nyumba, kabudula wanuyu akuchititsa manyazi. Lero muchedwa ku ntchito."

"Abwana akalipa."

"Akalipe. Mukawathokoze mawa."

Pakhomo mwamunayo anaima, beseni lidakali pachifuwa, n'kuyang'ana mapazi ake.

"Ndili ndi dothi."

"Lowani nalo," anatero Chitsiriza, akutseka chitseko ndi chidendene. "Ndipo musafulumire kupukuta maso. Ine sindinayambe n'komwe."